Mankhwala odonthezera m'mphuno sachiza chimfine

Kukazizira kuno ku Zomba m'miyezi ya Juni ndi Julaye, nkhungu itakuta phiri, anthu ambiri amayenda ndi kabotolo ka mankhwala odonthezera m'mphuno. Amati mankhwalawa amasungunula mamina n'kupha chimfine. Si choncho ayi.

Mphuno ikatseka, vuto lalikulu si mamina. Timitsempha ta magazi ta m'kati mwa mphuno timatupa, njira ya mpweya n'kuchepa. Mankhwala monga xylometazoline ndi oxymetazoline amafinya timitsemphato, kutupa kumaphwa, ndipo pakangopita mphindi zochepa munthu amayamba kupuma bwino. Kachilombo koyambitsa chimfine sikakhudzidwa n'komwe, thupi limalimbana nako lokha.

Msampha wake ndi uwu. Mukadontheza mopitirira sabata imodzi, mphamvu ya mankhwala ikamatha timitsempha timatupanso, mwina kuposa poyamba. Mlamu wanga ankadzuka pakati pa usiku kufufuza kabotolo kake pansi pa pilo, chimfine chitatha kalekale, iye n'kumati chabwereranso. Chimene chinkamutseka mphuno chinali mankhwala omwewo. Odwala BP ayambe afunsa adokotala asanagule, chifukwa mitsempha ikafinyika magazi amathanso kukwera.

Kufinya mitsempha kumathandizanso kwina. Jakisoni wochititsa dzanzi amene amabaya pozula dzino nthawi zambiri amakhala ndi adrenaline pang'ono, mankhwala amene nawonso amafinya mitsempha, kuti dzanzi likhalitse komanso magazi asatuluke ambiri. N'chifukwa chake ena akangobayidwa mtima umagunda mwamsanga kwa kanthawi, iwo n'kumaganiza kuti mankhwalawo sakuwayanja.