Banki ya ku Kirtland ndi ngongole zimene zinathawitsa Joseph Smith

Pa 27 Malichi 1836, Amormoni, anthu a mpingo umene anayambitsa Joseph Smith, anatsegulira kachisi wawo woyamba ku Kirtland, m'boma la Ohio ku America. Chinali chimwemwe chachikulu, koma nyumbayo inamangidwa ndi anthu osauka ndipo inasiya ngongole. Atsogoleri a mpingowo, Joseph Smith ndi Sidney Rigdon, anali atagulanso malo ndi katundu wa m'sitolo pangongole.

Kuti apeze polowera, mu Novembala chaka chomwecho anakhazikitsa banki yotchedwa Kirtland Safety Society. Anatuma atsogoleri anzawo awiri: Oliver Cowdery anapita ku Philadelphia kukatenga zitsulo zosindikizira ndalama za pepala, pamene Orson Hyde anapita ku Columbus kukapempha chilolezo ku nyumba ya malamulo. Chilolezo chinakanidwa. Apa ndi pamene ndimaona kuti zinthu zinapotoka. M'malo modikira, mu Januwale 1837 anasintha dzina n'kukhala Anti-Banking Company, kutanthauza kuti si banki, koma anapitiriza kufalitsa mapepala a ndalama aja.

Mapepalawo analibe golide kapena siliva wokwanira kumbuyo kwake, chuma chambiri cha bungwelo chinali malo, osati ndalama. Anthu atayamba kubwera kudzasinthitsa, bungwelo linalephera kulipira. Mu Febuluwale, Samuel Rounds, mothandizidwa ndi Grandison Newell yemwe ankadana ndi mpingowo, anakasuma pogwiritsa ntchito lamulo la Ohio la 1816 loletsa mabanki opanda chilolezo. Kenako mu Meyi mabanki a dziko lonse anagwedezeka, ndipo mitengo ya malo inatsika kwambiri.

Mu Okutobala 1837 khoti linalamula Smith ndi Rigdon kulipira faindi ya madola 1,000 aliyense. Amene anawakongoza nawonso anapita kukhoti mmodzimmodzi. Chimene chimandiwawa ine ndi alimi ndi amisiri amene anaika tindalama tawo mubungwelo chifukwa ankakhulupirira Smith monga mneneri wawo. Ena, ngakhale mwa atsogoleri a mpingowo otchedwa atumwi khumi ndi awiri, anamupandukira, ndipo Warren Parrish, amene kale anali mlembi wake, anatsogolera gulu lomutsutsa.

Usiku wa pa 12 Januwale 1838, Smith ndi Rigdon anakwera mahatchi n'kuchoka ku Kirtland kulowera ku Far West, m'boma la Missouri. Ngongole zinamutsatirabe Smith. Mu 1842, ali ku Nauvoo, m'boma la Illinois, anapempha khoti kuti limumasule pa ngongole zake monga munthu wogwa pachuma, koma loya wa boma Justin Butterfield anatsutsa. Smith anaphedwa m'ndende ya Carthage pa 27 Juni 1844 pempholo lisanavomerezedwe.