Mankhwala otseka majini a khansa ya chikhodzodzo sanafike m'chipatala, musachedwetse wodwala

Ndatopa kumva abale a odwala akupempha kuti opaleshoni iyambe yaima chifukwa awerenga pa WhatsApp kuti kwabwera mankhwala a "nano" ozimitsa khansa ya chikhodzodzo. Kafukufukuyo alipodi, koma sanafike pamene anthu akuganizira.

Selo la khansa limadalira mapuloteni ena, monga survivin, kuti lisafe, ndipo puloteni isanapangidwe jini (malangizo a m'selo opangira puloteniyo) imatumiza uthenga wotchedwa mRNA. Mu 1998 Andrew Fire ndi Craig Mello anasonyeza kuti tizidutswa ta RNA tingachititse selo kudula uthengawo usanagwire ntchito, ndipo mu 2006 analandira mphoto ya Nobel. Tizidutswati timawonongeka msanga m'thupi, n'chifukwa chake ofufuza amatikuta m'timipira tosaoneka ndi maso, timene ndi "nano" akunenayo, ta mafuta kapena ta chitosan (chinthu chochokera ku zikamba za nkhanu). Chikhodzodzo chili ndi ubwino wakuti mankhwala amathiridwa momwemo kudzera pa katheta (kapaipi kolowetsa m'njira ya mkodzo), koma khoma lake linapangidwa kuti lisalowetse kanthu, ndipo mkodzo umasungunula mankhwalawo n'kuwatulutsa, choncho chitosan amamusankha poti amamatirira kukhomako. Zotsatira zolimbikitsa zaoneka makamaka pa mbewa ndi pa maselo a mu labotale. Patisiran, mankhwala oyamba a mtunduwu amene anavomerezedwa ku America mu 2018, ndi a matenda a mitsempha, osati khansa. Wogulitsa botolo la "nano" pamsika akukuberani ndalama ndi nthawi.

Mtima umandipwetekabe ndikakumbukira bambo wina wa kunyanja amene anakodza magazi kwa miyezi yambiri, akumwa mankhwala a praziquantel mobwerezabwereza poganiza kuti ndi likodzo basi, kenako n'kutembenukira ku mankhwala azitsamba. Pofika kwa ife kuchipatala chotupa chinali chitalowa m'mnofu wa chikhodzodzo, ndipo ngakhale mankhwala othira pa katheta akanakhalapo sakanamuthandiza, pakuti amenewo amalimbana ndi zotupa za pamwamba. Likodzo lokhalitsa limayambitsa mtundu wa khansa ya chikhodzodzo wotchedwa squamous cell, umene kwathu kuno umapezeka mochedwa, pamene kafukufuku wambiri wa kunja amayang'ana mtundu wina wotchedwa urothelial.

Munthu wamkulu amene akukodza magazi, ngakhale popanda ululu, makamaka ngati magaziwo sanasiye atamwa mankhwala a likodzo, ayenera kutumizidwa kukaunikidwa ndi sikani ndi cystoscopy (kuona m'chikhodzodzo ndi kakamera) mwamsanga, chifukwa chotupa chaching'ono chimapalidwa kudzera m'njira ya mkodzo popanda kung'amba mimba.