Ndalama za kafukufuku si za maprofesa okha

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikumva mawu amodzimodzi m'mayunivesite a kuno ku Lusaka. Akuti ndalama za kafukufuku zimapita kwa maprofesa okhaokha kapena kwa odziwana ndi akuluakulu, choncho mphunzitsi wachinyamata asadzivute kupita ku maphunziro a kalembedwe ka pempho la ndalamazi. Maganizo amenewa ndi olakwika, ndipo amandimvetsa chisoni chifukwa amafooketsa anthu aluso.

Mabungwe ambiri opereka ndalama amalengeza poyera mfundo zimene amatsata posankha, ndipo pempho limawunikidwa ndi akatswiri a phunzirolo. Mabungwe ena ali ndi thumba lapadera la ofufuza ongoyamba kumene. Chimene chimagwetsa mapempho kawirikawiri ndi funso la kafukufuku losamveka bwino, bajeti yosagwirizana ndi ntchito yolonjezedwa, kusowa kwa chilolezo cha yunivesite, kapena kutumiza tsiku lomaliza litadutsa, ndipo izi ndi zomwe maphunziro aja amathandiza kupewa.

Wokayika awerenge yekha chilengezo cha bungwe lopereka ndalama, aone mndandanda wa omwe analandirapo kale ngati unasindikizidwa, kapena afunse ku ofesi yoona za kafukufuku pa yunivesite yake. Chonde, musanauze mnzanu wongoyamba ntchito nkhani imeneyi, yambani mwaitsimikizira nokha.