Kadontho kobiriwira pa mwaye: ntchito ya Mayi Mildred Dresselhaus

Ophunzira atsopano akalowa mu labotale yathu n'kuona kagalasi komwe tathirapo ufa wakuda ngati mwaye, funso lawo limakhala limodzimodzi chaka ndi chaka: "Aphunzitsi, timachubu ta kaboni mukunenati tili kuti? Ife tikungoona litsiro." Ndimawauza kuti nanenso sindinationepo ndi maso, ndimangotimvetsera. Amaseka, kuganiza kuti ndikucheza. Koma ndi momwedi ntchito yathu ilili, ndipo munthu amene anatiphunzitsa ambirife kamvedwe kameneka ndi Mayi Mildred Dresselhaus a ku America, amene anamwalira pa 20 February 2017 ali ndi zaka 86.

Tiyambe ndi kuchepa kwa tinthuti. Tengani milimita imodzi pa rula, muigawe ka 1,000,000. Kagawo kamodzi ndiko nanomita. Tsitsi limodzi la m'mutu ndi lonenepa mananomita pafupifupi 80,000. Kachubu ka kaboni komwe ndikunena kangakhale konenepa nanomita imodzi yokha. Tsono mafunde a kuwala komwe maso athu amaona amatalika pakati pa mananomita 400 ndi 700, choncho kufuna kuona mpangidwe wa kachubuka ndi maikulosikopu wamba kuli ngati kufuna kutola singano utavala magolovesi a nkhonya. Alipo makina ena oonera pogwiritsa ntchito maelekitironi, ndipo amathandiza zedi, koma ndi odula, amafuna kuti chinthucho chikhale m'malo opanda mpweya, komanso nthawi zina amawononga chomwe ukuyang'anacho.

Njira ina ndi yogogoda. Mukagogoda botolo ndi supuni, lodzaza limalira mosiyana ndi lopanda kanthu, ndipo losweka limadziulula lokha. Maatomu a m'chinthu chilichonse amanjenjemera, ndipo kanjenjemeredwe kake kamadalira kulemera kwa maatomuwo ndi mmene agwiranirana. Ife timagogoda ndi kuwala. Tikawalitsa laser, nyale yotulutsa kuwala kwa mtundu umodzi wokha, pa chinthu, pafupifupi kuwala konse kumabwerera ndi mtundu womwewo. Koma kachigawo kochepetsetsa, mwina kamodzi pa 10,000,000, kamabwerera katasintha mtundu pang'ono chifukwa kasiya mphamvu ina mu kunjenjemera kwa maatomu. Makina athu amamwaza kuwala kobwererako monga mmene madontho a mvula amamwazira dzuwa n'kupanga utawaleza, kenako timawerenga kuti ndi mitundu iti yatsopano yomwe yatulukira. Mwa njira, ndicho chifukwa chake sindilemba kuti "leza" ndikamanena za laser: Leza wathu ali kale ndi uta wake, ndipo sindikufuna kusokoneza awiriwa ngakhale onse amachita ndi kuwala.

Anatulukira kusintha kwa mtunduku ndi C.V. Raman ndi K.S. Krishnan ku Calcutta, m'dziko la India, mu February 1928, ndipo Raman analandira mphotho ya Nobel mu 1930. Iwo anayamba ndi kuwala kwa dzuwa ndi magalasi osefera, kenako nyale ya mercury. Kuwala kofunikako kunali kofooka kwambiri moti njirayi inakhala zaka zambiri ili yotopetsa. Zinthu zinasintha laser itabwera: Theodore Maiman anayatsa yoyamba mu May 1960 ku California. Laser imatulutsa mtundu umodzi wokha, wamphamvu, womwe ungaulunjike pa kadontho kakang'ono. Kwa munthu wofuna kugogoda maatomu, palibenso supuni ina yoposa imeneyi.

Chaka chomwe Raman ankalandira mphotho yake ndi chomwenso Mayi Dresselhaus anabadwa, ku Brooklyn mu mzinda wa New York, kwa makolo achiyuda osauka ochokera ku Poland. Anakulira ku Bronx nthawi ya mavuto aakulu a zachuma. Chomwe chinawatsegulira khomo si masamu ayi, koma vayolini. Anapeza mwayi wophunzira nyimbo mwaulere, ndipo kumeneko anakumana ndi ana a mabanja opeza bwino amene ankapita kusukulu zabwino. Anadziwerengera okha mpaka kukhoza mayeso olowera ku Hunter College High School. Atapita ku Hunter College cholinga chawo chinali uphunzitsi, poti masiku amenewo mtsikana wosauka sankauzidwa zambiri kupatula uphunzitsi, unamwino ndi ukalaliki. Amene anawatembenuza ndi mphunzitsi wawo wa fizikisi, Rosalyn Yalow, yemwe pambuyo pake analandira Nobel mu 1977. Atamaliza mu 1951 anapita ku Cambridge ku England, kenako ku Radcliffe, n'kukathera ku University of Chicago komwe anaphunzitsidwako ndi Enrico Fermi. Anapata digiri ya PhD mu 1958, chaka chomwenso anakwatiwa ndi Gene Dresselhaus, katswiri mnzawo wa fizikisi amene anagwira naye ntchito moyo wonse.

Mpaka pamenepa nkhaniyi ndi ya makwerero omwe aliyense wa ntchito yathu amakwera: digiri yoyamba, zaka zingapo za PhD, kenako zaka zina zogwira ntchito ya kanthawi mu labotale ya munthu wina, zomwe iwo anachita ku Cornell. Chomwe chimandikoka ine ndi zomwe anachita mu 1960 atalembedwa ntchito ku Lincoln Laboratory ya yunivesite ya MIT (Massachusetts Institute of Technology).

Nthawi imeneyo akatswiri ambiri ankathamangira silicon ndi germanium, poti m'menemo ndimo munali tsogolo la matransista ndi makompyuta. Mayi Dresselhaus anasankha graphite, chakuda chomwe chili mkati mwa pensulo. Ambiri ankachiona ngati chinthu chovuta kumvetsa komanso chopanda phindu lenileni. Iwo anali ndi ana aang'ono, anayi onse obadwa motsatizana, ndipo munda wopanda opikisana nawo ambiri unkawalola kulima pa liwiro lawo. Ndikamauza ophunzira a PhD nkhaniyi ena amaimva ngati langizo lakuti asankhe mutu womwe wina aliyense akuukana. Si choncho. Mitu yambiri yokanidwa imakanidwa pa zifukwa zomveka. Graphite inali ndi funso lenileni mkati mwake. Maatomu ake amayalana m'mapepala opyapyala, atomu iliyonse itagwirana ndi zinzake zitatu, kupanga timabowo ta ngodya zisanu ndi imodzi ngati chisa cha njuchi. Mkati mwa pepala limodzi mgwirizano ndi wolimba koopsa, koma pakati pa pepala ndi linzake ndi wofooka, n'chifukwa chake pensulo imalemba: mapepalawo amasendeka n'kutsalira pa kope. Funso linali lakuti maelekitironi amayenda bwanji m'chinthu chotere.

Kuti ayankhe, ankaika graphite pakati pa maginito amphamvu n'kuiwalitsa, kenako kuyeza kuwala kobwerera pamene mphamvu ya maginito ikusintha. Ku MIT kunali Ali Javan, wobadwira ku Iran, amene anapanga laser yoyamba ya gasi mu 1960. Pogwiritsa ntchito laser, iwo, Javan ndi wophunzira wawo Paul Schroeder anasonyeza mu 1968 kuti chithunzi chomwe akatswiri ankakhulupirira chinali chozondoka: pomwe ankati pali maelekitironi panali mipata yosowa maelekitironi, ndipo pomwe ankati pali mipata ndi pomwe panali maelekitironi. Chaka chomwecho Mayi Dresselhaus anakhala pulofesa wokhazikika ku MIT, ndipo mu 1985 anakhala mayi woyamba kupatsidwa udindo wa Institute Professor, womwe ndi wapamwamba kwambiri pa yunivesiteyo.

Zaka za m'ma 1970 ndi 1980 anazithera pa kulowetsa maatomu a mitundu ina pakati pa mapepala a graphite, ngati kulowetsa timakalata pakati pa masamba a buku, komanso pa ulusi wa kaboni pamodzi ndi Morinobu Endo wa ku Japan. Batire ya foni yanu imagwira ntchito mwa njira yomweyi: mukaitchaja, lithium amalowa pakati pa mapepala a graphite, mukamaigwiritsa ntchito amatuluka. Sikuti iwo ndiwo anapanga batireyo, koma sayansi ya kalowedwe kameneka anaifufuza mozama isanakhale malonda.

Kenako kaboni inayamba kudabwitsa dziko. Mu 1985 ku Rice University, Harold Kroto, Robert Curl ndi Richard Smalley anapeza kampira ka maatomu 60 a kaboni. Mu 1991 Sumio Iijima wa kampani ya NEC ku Japan anafalitsa zithunzi za timachubu ta kaboni. Anthu ambiri anathamangira kumundako, n'kupeza Mayi Dresselhaus alimo kale zaka 30, akudziwa mzere uliwonse.

Mu 1992, pamodzi ndi Riichiro Saito, Mitsutaka Fujita ndi amuna awo, anawerengetsa chinthu chomwe mpaka lero chimandizizwitsa. Tengani pepala lokhala ndi mizere, mulipinde kukhala chubu. Mukhoza kulipinda mowongoka, mizere n'kukumana ndendende, kapena mopendeka, mizere n'kumazungulira ngati ya sikulufu. Pepala la kaboni nalonso lingapindike m'njira zambiri, ndipo kapindidwe kalikonse timakatchula ndi manambala awiri. Iwo anapeza kuti mukachotsa nambala yachiwiri pa yoyamba, yankho likagawika ndi 3, kachubuko kamadutsitsa magetsi ngati waya wa chitsulo. Likapanda kugawika, kamakhala ngati silicon, kotha kutsegula ndi kutseka magetsi. Maatomu ndi omwewo, kaboni yekhayekha, chasiyana ndi kapendekedwe basi. Magulu ena nawonso anafika pa mfundo yofananayo chaka chomwecho, ndipo mu 1998 akatswiri a ku Delft ndi a ku Harvard anaiona ikutsimikizika poyeza timachubu tenitheni.

Vuto linatsala ndi lomwe ophunzira anga amayamba nalo lija: uli ndi ufa wakuda, udziwa bwanji kuti muli timachubu totani? Apa ndi pomwe njira ya Raman inaonetsa mphamvu zake. Kachubu kamanjenjemera m'njira ina yomwe pepala lathyathyathya silingathe: kamafufuma n'kuphwa, kufufuma n'kuphwa, ngati chifuwa cha munthu wopuma. Kachubu kowonda kamapuma mofulumira, konenepa mochedwa. Mu 2001 gulu lawo, motsogozedwa pa ntchitoyi ndi Ado Jorio wa ku Brazil, linakwanitsa kuyeza kupuma kwa kachubu kamodzi kokha kogona pa silicon. Zinatheka chifukwa mtundu wa laser ukagwirizana ndi mphamvu yomwe maelekitironi a kachubuko amakonda kumeza, kuwala kofooka kuja kumakula kwambiri, monga mmene katungwe amapitira patali ukamukankha pa nthawi yake. Anapezanso kawerengedwe kosavuta: tengani 248, mugawe ndi nambala yomwe makina akusonyeza ya mmene mtundu wa kuwala wasinthira, mupeza kunenepa kwa kachubuko m'mananomita.

Njira yomweyi inathandizanso Andre Geim ndi Konstantin Novoselov atasenda pepala limodzi lokha la graphite ndi selotepi ku Manchester mu 2004. Lero aliyense wopanga pepala limeneli, lotchedwa graphene, amayang'ana pa sikirini nsonga zitatu za mzere wosonyeza mitundu yatsopano ya kuwala: ina pafupi ndi 1580 yosonyeza kuti chisa cha njuchi chilipo, ina pafupi ndi 1350 yomwe imakula chisacho chikakhala ndi zilema, ndi ina pafupi ndi 2700 yomwe mpangidwe wake umaulula ngati pepala ndi limodzi kapena angapo.

Geim ndi Novoselov analandira Nobel mu 2010, a kampira aja mu 1996. Mayi Dresselhaus sanailandire, ndipo maganizo anga ndi akuti mphotho imeneyi imakondera wotulukira chinthu chatsopano kuposa wophunzitsa dziko kuchiwerenga. Analandira zina zazikulu: National Medal of Science mu 1990, Kavli Prize mu 2012, ndi Presidential Medal of Freedom kuchokera kwa Barack Obama mu 2014. Analemba nawo mapepala a kafukufuku pafupifupi 1,700 ndipo anatsogolera ophunzira a PhD oposa 60. Ndinenenso mosabisa kuti timachubuti sitinakwaniritse maloto onse omwe anthu ankalota m'ma 1990. Kusiyanitsa ta ngati chitsulo ndi ta ngati silicon pa mlingo wa fakitale kwakhala kovuta, ndipo lero timapezeka kwambiri ngati chosakaniza m'mabatire ndi m'mapulasitiki olimba kusiyana ndi m'mitima ya makompyuta.

Tsiku la ntchitoyi palokha silikhala ndi mendulo. M'mawa timayamba ndi kachidutswa ka silicon, chifukwa nsonga yake imadziwika kuti imakhala pa 520. Ikasuntha, ndiye kuti makina ndiwo asokonekera. Timazimitsa magetsi a m'chipinda kuti kuwala kwa mababu kusalowerere. Nthawi zina pa sikirini pamatulukira nsonga yowonda, yaitali mochititsa kaso, wophunzira n'kudumpha kuti watulukira chachilendo, pamene ndi kanthu kochokera mumlengalenga komwe kagunda kamera, ukayezanso, kulibe. Ineyo ndili wophunzira ndinatha masabata atatu ndikukondwera ndi nsonga ya 1350 yomwe inkakula nthawi iliyonse ndikayeza. Ndinali nditayamba kale kulemba mafotokozedwe ake. Wondiyang'anira anangosuzumira mu maikulosikopu n'kundionetsa timadontho totuwa mondandalika, kalikonse pomwe ndinaima. Laser ndinaikweza mphamvu kwambiri, ndipo zilema zomwe ndinkayezazo ndinkazipanga ndekha pootcha.

Mwezi wathawu mtsikana wina wa chaka choyamba, mmodzi mwa aja ankati akungoona litsiro, anakhala pa makinawo kwa nthawi yoyamba. Anatsitsa mphamvu ya laser monga ndinamuchenjezera, n'kulunjika kadontho kobiriwira m'mphepete mwa ufawo pomwe ndi popyapyala. Patapita mphindi imodzi kansonga kanatuluka kumanzere kwa sikirini, pa 165. Anayezanso kawiri, sikanachoke. Anatenga foni n'kugawa 248 ndi 165.

"Aphunzitsi, ndapeza 1.5."

"Cha chiyani?"

Anayang'ana ufa uja, n'kuyang'ananso sikirini. "Mananomita," anatero, kenako anasuntha kagalasi pang'ono kuti akasake kena.