Thabwa lodulirapo ndiwo silifuna changu

Chaka chilichonse ophunzira anga a ukalipentala amapempha kupanga thabwa lodulirapo nyama ndi masamba, la mtundu uja wooneka ngati timabokosi, ndipo chaka chilichonse ndimamva mawu omwewo akuti ntchitoyi ndi yongocheka matabwa n'kumata ndi guluu. Mawu amenewa ndatopa nawo.

Pa thabwa lotere tizidutswa timaimikidwa kuti mitu ya mitsempha ya mtengo iyang'ane kumwamba. Mpeni umalowa pakati pa mitsemphayo monga ungalowere mu mtolo wa udzu woimika, n'chifukwa chake sufulumira kubuntha. Koma mitu yomweyo ndi imene imamwa madzi msanga, ndipo mtengo umatupa kapena kufota m'lifupi mwake, osati m'litali. Mukamata tizidutswa 60 ta mtengo wosauma, kalikonse kamakokera kwake, ndipo thabwa lopangidwa m'nyengo ya mvula limadzang'ambika kutentha kwa Okutobala kukafika. Ogulitsa ena adzakulumbirirani kuti mlombwa kapena mbawa yawo ndi youma, chikhalirecho inachekedwa sabata yatha. Musawakhulupirire. Matabwa aumitsidwe pamthunzi, atasanjidwa ndi timitengo pakati, kwa miyezi yambiri kufikira chinyezi chitatsika mpaka 12 peresenti kapena kucheperapo.

Nkhani imene imandisowetsabe mtendere ndi ya makina opalira matabwa. Mnyamata wina, waluso ndithu, anaona kuti thabwa lake silinafanane pamwamba, ndipo chifukwa chofuna kutsiriza belu lisanalire, analiika m'makinawo ine ndili mbali ina ya chipinda. Mipeni ya makina imayenda motsata mitsempha yogona, koma ikakumana ndi yoimirira imaikola n'kuizula. Ndinangomva phokoso ngati la mfuti. Thabwalo linasweka pakati, chidutswa chimodzi chinabwerera m'mbuyo, chinadutsa pafupi ndi khutu la mtsikana amene ankadikira nthawi yake, n'kukaboola chitseko cha kabati. Palibe anavulala, koma bowolo ndinakana kulitseka, ndipo kalasi iliyonse yatsopano ndimayamba ndaionetsa pamenepo. Thabwa la mtundu uwu limasalazidwa ndi sandipepala, kuyambira wa nambala 80, kenako 120, mpaka 220, ngakhale ntchitoyo itenge masiku atatu.

Chimandikwiyitsa kwambiri ndi malangizo amene ana amabwera nawo kuchokera kwa amisiri ongodziika okha. Wina amawauza kuti apake vanishi, amene mpeni umadzamusenda n'kugwera m'ndiwo. Wina amati mafuta ophikira ndi okwanira, pomwe mafutawo amaonongeka m'kati mwa mtengo n'kuyamba kununkha. Choopsa koposa ndi zidutswa za matabwa obiriwira aja othiridwa mankhwala a chiswe, chifukwa ambiri mwa iwo ali ndi poizoni wa arsenic, ndipo sayenera kukhudza chakudya ngakhale pang'ono.

Mafuta oyenera ndi liquid paraffin wogulitsidwa m'mafamase, osati palafini wa nyale, ndipo mukhoza kusakaniza ndi phula la njuchi. Pakani mbali zonse mpaka thabwalo litaleka kumwa. Makolo amene mwalandira thabwali kuchokera kwa mwana wanu, musaliviike m'beseni kapena kuliyanika padzuwa pathandala. Litsukeni msanga, lipukuteni, ndipo muliimike chammbali kuti mphepo ipite mbali zonse ziwiri.