Mafunso a kudzidalira sayeza misala

Pa Kamuzu Road ku Salima pamveka mphekesera yoti ofufuza akakufunsani ngati mumadziona kuti ndinu wofunika, ndiye kuti akuyeza misala, ndipo mukayankha molakwa akutengerani ku Zomba. Limeneli ndi bodza.

Mafunso odziwika kwambiri a mtunduwu anawalemba Morris Rosenberg, katswiri wa za chikhalidwe cha anthu wa ku America, mu 1965. Ndi ziganizo 10 zokha, ndipo inu mumangonena ngati mukugwirizana nazo kapena ayi. Zisanu mwa izo anazilemba mokhala ngati zonyoza, monga chakuti nthawi zina mumadziona wopanda pake. Anachita dala, kuti munthu asamangoti "eya" pa chilichonse. Ndikuona kuti mantha amayambira pamenepa.

Mafunsowa sapeza matenda, alibenso yankho lolakwa. Amangosonyeza mmene mumadzionera. Ngati simukufuna kuyankha, muli ndi ufulu wokana.