Foni m'kalasi ya sayansi: funso liyambe, sikirini itsatire

Lumikizani mababu awiri ofanana motsatizana pa waya mmodzi, kenako funsani ana kuti liwale kwambiri ndi liti. Ambiri aloza lomwe lili pafupi ndi batire, ati ndilo likuyamba kumwa magetsi, linalo likungolandira zotsala. Zoona zake n'zakuti onse amawala mofanana, kungoti mocheperapo poyerekeza ndi babu likakhala lokha. Ganizo lolakwikali silichoka msanga, ndipo ena amafika nalo mpaka ku koleji ya uphunzitsi.

Apa m'pamene foni ndi kompyuta zimathandiza. Mu 2002, Carl Wieman, yemwe analandira mphoto ya Nobel mu 2001, anayambitsa PhET ku University of Colorado Boulder. Ndi mapulogalamu aulere oyeserera sayansi. Mwana amakoka batire, waya ndi mababu pa sikirini, n'kuona timadontho toimira ma elekitironi (tinthu ting'onoting'ono tonyamula magetsi m'waya) tikuyenda liwiro limodzi kuzungulira njira yonse, popanda totsalira m'babu loyamba. Chimene maso sangaone m'waya weniweni chimaonekera poyera.

Koma kuonerera kokha sikusintha maganizo. Kafukufuku wa Eric Mazur ndi anzake ku yunivesite ya Harvard, wofalitsidwa mu 2004, anapeza kuti ophunzira ongoonerera chionetsero cha sayansi m'kalasi sanasiyane kwenikweni ndi amene sanachione n'komwe. Amene anamvetsa bwinoko ndi omwe anayamba alosera zotsatira zake. Mwana akalemba yankho lake papepala, kenako sikirini n'kumutsutsa, amadzidzimuka n'kuyamba kufunsa chifukwa chake.

N'chimodzimodzi ndi phyphox, pulogalamu yomwe inatulutsidwa ndi RWTH Aachen University ku Germany mu 2016. Imagwiritsa ntchito tizipangizo topima kayendedwe, phokoso ndi mphamvu ya maginito, tomwe tili kale m'foni. Mangani foni ku chingwe cha mita imodzi, igwedezeni pang'ono: kupita ndi kubwerera kumatenga pafupifupi masekondi 2. Musanawonjezere cholemera, funsani kaye ngati nthawiyo isinthe. Ambiri ati isintha. Sisintha, pokhapokha mutafupikitsa kapena kutalikitsa chingwe.

N'chifukwa chake ndimadandaula ndikaona maphunziro a aphunzitsi akuthera pa kuwasonyeza podina. Podina munthu amadziwa masana amodzi. Chovuta ndi kudziwa ganizo lolakwika lomwe mwana wabwera nalo, ndi funso lolivumbulutsa. Mphunzitsi wophunzira ntchito ayambe walosera yekha, aone pamene iyenso amasokonezeka. Akamaphunzitsa moyeserera adzijambule ndi foni, kenako awerenge masekondi amene anadikira atafunsa funso asanadziyankhe yekha. Ambiri amadabwa kuchepa kwake.

Batire weniweni asachoke patebulo. Pa sikirini waya sakhwepa, pomwe mwana ayeneranso kudziwa kufufuza ndi zala zake chimene chalepheretsa babu kuyaka.